Agogo samva, kapena sitinawauze? Mafunso ndi mayankho pa kamwedwe ka mankhwala ka okalamba ku Mangochi

Pa windo lolandirira mankhwala pamakhala liwiro. Wodwala amapatsidwa timapepala tapulasitiki titatu kapena tinayi, amauzidwa kuti awa kawiri, awa m'mawa mokha, awa mukadya, ndipo asanafunse kanthu mnzake wafika kale kumbuyo. Kwa mnyamata wodziwa kuwerenga zimenezi n'zokwanira. Kwa gogo wa zaka 70 wochokera ku Katuli kapena ku Makanjira, amene maso achita nkhungu ndipo Chichewa amachimva cha patalipatali, chithandizo chathera pomwe chinayenera kuyambira. Mafunso ali m'munsiwa akuzungulira mfundo imodzi: kuphunzitsa wokalamba kamwedwe ka mankhwala ndi mbali ya chithandizo chenichenicho, ndipo njira yochitira zimenezi dziko lino likuidziwa kale.

Kodi nkhaniyi ndi yaikuludi kuno kunyanja, kumene matenda odziwika ndi malungo ndi likodzo?

Ndi yaikulu, ndipo ikukulirakulira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP), ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe. Vutoli limachuluka munthu akamakula. Onjezanipo shuga, nyamakazi ndi chifuwa cha mphumu. Onjezaniponso anthu amene anayamba ma ARV boma litayamba kupereka mwaulere mu 2004: amene anali ndi zaka 40 nthawi imeneyo lero adutsa 60, ali moyo, ndipo m'thumba mwawo muli botolo la ma ARV, mibulu ya BP, mwina ndi ya shuga yomwe.

Chovuta n'chakuti tonsefe tinaphunzira mankhwala kudzera m'malungo. Umadwala, umamwa LA masiku atatu, thupi limatsitsimuka, nkhani yatha. Maganizo amenewa akafika pa BP amapha munthu. BP nthawi zambiri siimveka m'thupi. Gogo akamwa mankhwala mwezi umodzi, mutu n'kusiya kuwawa, amati wachira, botolo n'kulipachika kudenga. Sitiroko ikabwera pakatha miyezi isanu, palibe amene amakumbukira botolo lija. Bungwe la WHO linaona kukula kwa vuto la kamwedwe ka mankhwala pa dziko lonse, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ntchito yotchedwa Medication Without Harm, yofuna kuchepetsa ndi theka ngozi zikuluzikulu zopeweka zobwera chifukwa cha mankhwala. Limodzi mwa magulu amene linawaika patsogolo ndi la anthu omwa mankhwala amitundu yambiri nthawi imodzi, ndipo ambiri a gulu limeneli ndi okalamba.

Mankhwala ndi omwewo. N'chifukwa chiyani kwa wokalamba akhale oopsa?

Chifukwa thupi lolandira mankhwalawo lasintha. Impso ndi chiwindi ndizo zimachotsa mankhwala m'magazi, ndipo mphamvu ya impso imayamba kutsika pang'onopang'ono munthu akangodutsa zaka 40. Mbulu umene mnyamata amautaya m'mkodzo tsiku lomwelo, mwa gogo umachedwa, wa mawa n'kuupeza usanatuluke. Kuno kunyanja pali zina zowonjezera. Munthu amene wakhala akusamba ndi kuwedza m'nyanja moyo wake wonse akhoza kukhala kuti anadwala likodzo kambirimbiri, ndipo likodzo lokhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo, nthawi zina mpaka impso. Ndiye pali dzuwa la Okutobala ndi Novembala, limene limakamula madzi m'thupi pamene wokalamba samva ludzu msanga ngati mwana.

Tsopano taganizani gogo wa BP amene akumwa HCTZ, mankhwala okodzetsa aja, pamodzi ndi enalapril. Mawondo akuwawa, watuma mdzukulu ku golosale kukagula Brufen kapena Indocid. Mitundu itatuyi ikakumana m'thupi lopanda madzi okwanira, impso zikhoza kufooka m'masiku ochepa chabe. Brufen, Indocid ndi diclofenac amakwezanso BP, ndipo amayambitsa zilonda za m'mimba zotuluka magazi. Chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda ngati phula. Kwa amene ali pa ma ARV a masiku ano, omwe muli tenofovir, impsozo zili kale ndi katundu. Panado ndiye wofatsirapo pa ululu wa mafupa, koma nayenso ali ndi malire: wamkulu asapitirire mibulu 8 ya 500 mg pa tsiku, ndipo wofooka thupi kapena womwa mowa ayenera kuchepetsa kwambiri. Mankhwala ambiri a mutu ndi a chimfine ali ndi paracetamol yemweyo m'kati, choncho munthu akhoza kupyola malire akuganiza kuti wamwa zinthu ziwiri zosiyana.

Pa shuga, glibenclamide ndi amene amafuna diso. Amatsitsa shuga mwamphamvu ndiponso kwa nthawi yaitali, kotero kuti mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO umanena kuti sali oyenera kwa munthu wopitirira zaka 60. Kumene kulibe ena amaperekedwabe, ndipo wolandirayo ayenera kudziwa kuti akamwa osadya, shuga amatsika mpaka kukomoka. Zizindikiro zake ndi thukuta, kunjenjemera, njala yadzaoneni, kulankhula zosamveka. Piriton ndi diazepam nawonso amasokoneza mutu wa wokalamba, amamugwetsa usiku popita kuchimbudzi, ndipo Piriton amatha kutseka mkodzo kwa abambo achikulire. M'dziko limene gogo wolankhula zosokonekera amafulumira kumutchula mfiti, m'pofunika kunena mosabisa kuti nthawi zina chimene chasokoneza mutu wake ndi mbulu umene anamwa m'mawa, ndipo chimene akufuna ndi madzi a shuga ndi ulendo wa kuchipatala.

Koma anthu akuluakulu ena samva. Amauzidwa, n'kukachita zawo. Vuto si limeneli?

Mawu akuti "samva" amabisa zinthu zingapo zosiyana, ndipo kukanika mtima ndi kochepa mwa izo. Choyamba ndi chilankhulo. Kum'mawa kwa nyanja, ku Namwera, Lungwena ndi Makanjira, amayi ambiri achikulire amaganiza ndi kuwerengera m'Chiyao, pamene wogwira ntchito pachipatala angakhale atachokera ku Mzimba kapena ku Dedza. Chachiwiri ndi kuwerenga. Mangochi ali m'gulu la maboma amene anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga ndi ochuluka, makamaka amayi a msinkhu umenewu, ndipo "1 x 3" wolembedwa ndi bolopeni pa kapepala sauza kanthu munthu amene sanalowepo m'kalasi. Tizithunzi ta dzuwa ndi mwezi timene timakhala pa timapepala tina timathandiza pokhapokha wina atafotokoza tanthauzo lake, ndiponso ngati maso akuona. Chachitatu ndi makutu, amene amagontha ndi ukalamba pamalo pamene pali kale phokoso. Chachinayi, chimene chimanyenga ogwira ntchito ambiri, ndi ulemu. Munthu woleredwa bwino akafunsidwa ndi adokotala kuti "mwamva, agogo?" amayankha kuti "ndamva." Kunena kuti sanamve kuli ngati kunyoza amene wafotokoza. Choncho funso limeneli silipima kanthu. Lopima ndi lakuti: "Agogo, tandionetsani mmene mukamwere mukafika kunyumba, mawa m'mawa muyambira ati?" Apo ndiye pamaoneka ngati timapepala tasokonekera.

Umboni woti anthu athu amaphunzira uli pafupi, ku kiliniki ya ma ARV. Pamene ntchitoyi inkayamba, ambiri kunja ankakayika ngati anthu osauka, osaphunzira, opanda wotchi angamwe mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wonse. Malawi anayankha ndi dongosolo losavuta. Munthu asanayambe ankaphunzitsidwa pagulu, ankabwera ndi gadiyani, ankabweza botolo kuti mibulu yotsala iwerengedwe, ndipo akasowa pa tsiku lake ankalondoledwa. Anthu omwewo, a m'midzi yomweyo, akumwa mankhwalawo kwa zaka pafupifupi 20. Ndiye gogo amene salumphitsa ARV koma amasokoneza mibulu ya BP, kodi tinganene kuti samva? Mankhwala ena anaphunzitsidwa, ena anangopatsidwa.

Ogwira ntchito ndi ochepa, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina mankhwalawo kulibe. Kuphunzitsa si nkhani ya anthu okhuta?

Kutsutsa kumeneku n'kolemera ndipo sikuyenera kunyozedwa. Kalinikala amene ali ndi anthu ochuluka panja sangakhale theka la ola ndi munthu mmodzi, ndipo palibe phunziro limene lingalowe m'malo mwa mbulu umene kulibe. Koma kusowa kwa mankhwala ndiko kukuchititsa kuti kuphunzitsa kufunike kwambiri. Mwezi uno gogo walandira amlodipine, mwezi wamawa kulibe wapatsidwa wina, wa mtundu ndi maonekedwe osiyana. Ngati sanauzidwe kuti watsopanoyu walowa m'malo mwa wakale, amamwa onse awiri, BP n'kutsika mpaka chizungulire, n'kugwa pa chitsime. Kapena kuchipatala cha boma kulibe, wapita ku St Martin's ku Malindi, ku Mulibwanji, kapena ku famase ya pa boma, n'kugula mankhwala omwewo m'bokosi la dzina lina. Amene amadziwa mankhwala ake ndi maonekedwe okha, "toyera tating'ono tija," ali pa ngozi nthawi iliyonse imene katundu wasintha.

Za nthawi nazo zili ndi yankho. Wokalamba amene wagonekedwa ndi sitiroko kapena wakomoka ndi shuga amadya masiku a anamwino, bedi, ndi ndalama za banja zoyendera. Ulendo wochokera ku Makanjira kufika pa boma ndi wa makilomita pafupifupi 100. Mphindi zisanu zimene tinaumira pa windo timadzazilipira ku wodi. Ndiponso kuphunzitsaku sikuti achite adokotala okha. Pa tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga anthu amakhala pa benchi maola angapo osachita kanthu. Imeneyo ndiyo nthawi ya phunziro la pagulu, m'Chiyao ndi m'Chichewa, lotsogoleredwa ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo, kapena wodwala mnzawo amene wakhala pa mankhwala zaka zambiri, monga zimachitikira ku ma ARV. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda ena okhalitsa kuti munthu aonedwe kamodzi ndi matenda ake onse. Ubwino wake waukulu kwa wokalamba ndi woti pamakhala munthu mmodzi amene waona mankhwala onse pamodzi.

Nanga chimene gogo ayenera kudziwa kwenikweni n'chiyani?

Si zambiri. Pa mankhwala aliwonse adziwe ntchito yake, nthawi yomwera, ngati ndi a masiku owerengeka kapena a moyo wonse, ndi chizindikiro chimodzi kapena ziwiri chomubweza kuchipatala. Nthawi imangiriridwe ku zinthu zimene zimachitika kale pa tsiku lake: phala la m'mawa, swala ya m'bandakucha, nsima ya madzulo. Msilamu wopemphera kasanu pa tsiku ali ndi wotchi yodalirika kuposa ya pa foni. HCTZ amwedwe m'mawa kuti munthu asamadzuke usiku mu mdima. Metformin, wa shuga, amwedwe ndi chakudya kuti asavute m'mimba. Akaiwala, asaphatikize mibulu iwiri pofuna kubweza ngongole.

Koma chinthu chimodzi choposa zonsezi ndi jumbo. Tsiku la kiliniki, mankhwala onse a m'nyumba alowe m'jumbo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, n'kukakhuthulidwa pa tebulo la adokotala. Onse ndithu, chifukwa mankhwala a gogo wa ku Mangochi sachokera kumodzi. Pali a kuchipatala, a ku golosale, otsala a malemu amuna awo, opatsidwa ndi mnzawo wa ku mzikiti kapena ku tchalitchi amene "anali ndi vuto lomweli," ndi ochokera ku Joni. Mabanja ambiri kuno ali ndi mwana ku South Africa, ndipo mwana wokonda makolo amatumiza ndi matransipota mabotolo a ululu, a mavitamini ndi a BP, olembedwa mayina amene kuno sadziwika. Mphatso yotere imalemekezedwa kuposa mibulu yaulere, ndipo palibe amene amaitchula kuchipatala. Chikhalirecho mavitamini okhala ndi calcium kapena iron, komanso mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate, amatchinga dolutegravir wa mu ma ARV kuti asalowe bwino m'magazi. N'chifukwa chake ARV amayenera kumwedwa maola 2 asanamwe a chilungulirawo, kapena patapita maola 6. Dolutegravir yemweyo amachulukitsa metformin m'magazi, kotero mlingo wa metformin umafunika kuunikanso. Adokotala sangakonze chimene sanachione. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo limayang'anira malonda a mankhwala, koma silingalowe m'chikwama cha gogo aliyense. Jumbo ndilo limafika kumeneko.

Mankhwala azitsamba alowenso m'jumbomo, kapena atchulidwe. Apa ogwira ntchito ali ndi mbali yawo: amene amakalipira gogo chifukwa chopita kwa sing'anga wangomuphunzitsa kubisa. Botolo la zitsamba silinena mlingo wake, ndipo zina zimalemetsa chiwindi ndi impso. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu wauzidwa kuti asiye mibulu ya kuchipatala kuti zitsamba kapena mapemphero zigwire ntchito.

Mwezi wa Ramadan, wodwala shuga kapena BP achite bwanji?

Funso limeneli lifunsidwe mwezi usanaoneke, chifukwa m'boma limene Asilamu ndi ochuluka chonchi limakhudza mabanja ambiri. Chisilamu chenichenicho chimalola wodwala kusasala, kudzabweza masiku pambuyo pake, kapena kudyetsa osauka ngati matenda ndi osachira. Komabe okalamba ambiri amasala ndithu, chifukwa asala moyo wawo wonse ndipo kusiya kumawapweteka mumtima. Kungowaletsa sikugwira, amavomera ndi pakamwa, n'kukasala mwakachetechete, n'kusintha okha nthawi ya mankhwala. Ena amamwa glibenclamide m'bandakucha kenako n'kukhala tsiku lonse osadya, imene ili njira yachidule yokomokera masana. Ena amaphatikiza mibulu ya tsiku lonse pomasula dzuwa litalowa. Choyenera n'choti adokotala afunse poyera kuti "musala kodi?", asinthe nthawi ndi mlingo kumene n'kotheka, ndipo anene mosazungulira amene kusala kungawaike pa ngozi: obaya insulin, a impso zofooka, amene anakomokapo ndi shuga posachedwa. Agwirizanenso pa lamulo limodzi, loti thukuta, kunjenjemera kapena kusokonezeka zikayamba, munthu amasule pomwepo ndi madzi a shuga. Mawu amenewa akanenedwa ndi shehe pa Lachisanu amalowa kuposa a namwino, ndipo chipatala chimene sichikambirana ndi mashehe chikusiya aphunzitsi ake abwino panja.

Kuuza wokalamba zovuta za mankhwala sikungamuopseze, n'kusiyiratu kumwa?

Zimachitika mosiyana. Amene amasiya ndi amene vuto lamudzidzimutsa. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma kwa anthu ena. Amlodipine amatupitsa mapazi. Metformin amatsegula m'mimba masiku oyamba. Gogo amene sanachenjezedwe akaona mapazi atupa amati mankhwala akumupha kapena wapondetsedwa, amasiya osauza munthu, ndipo tsiku la kiliniki amanena kuti akumwa. Adokotala poona BP ili pamwamba amawonjezera mankhwala ena pa mankhwala amene sakumwedwa. Amene anauzidwa kuti "mapazi akatupa musasiye nokha, bwerani tidzasinthe" amabwera. Chofunika ndi kusankha: zizindikiro ziwiri zimene angakumane nazodi, ndi chochita chake, osati mndandanda wonse wa m'kapepala ka m'bokosi.

Pali chenjezo lina limene limaiwalika, lokhudza masiku otsegula m'mimba ndi kusanza. Mangochi anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023, ndipo kutsegula m'mimba kwa dzinja kumabwera chaka chilichonse. Thupi likataya madzi, HCTZ, enalapril, metformin ndi Brufen zimasanduka zolemetsa impso. Wodwala wotere amwe Thanzi ORS ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo ndi jumbo lake, kuti auzidwe oti aimitse kaye ndi tsiku loyambiranso.

Kunyumba, ndani ayang'anire zonsezi?

Munthu wachiwiri ndi wofunika, ndipo aphunzitsidwe limodzi ndi wodwalayo. Kawirikawiri amene amaperekeza gogo ndi wa kabaza kapena aliyense amene anali ndi mpata tsiku limenelo, pamene wophika ndi wogona naye nyumba imodzi watsala kumudzi. Woyenera kumva malangizo ndi amene amakhala naye m'mawa ndi madzulo, ngakhale atakhala mdzukulu wa Sitandade 7 amene amatha kuwerenga kabuku. Ntchito yake ndi kukumbutsa, kuwerenga mibulu yotsala kumapeto kwa sabata, kusunga mankhwala pouma, pamthunzi ndi patali ndi ana, ndi kusunga kapaketi ka shuga pamalo podziwika ngati m'nyumbamo muli wodwala shuga. Insulin, kumene kulibe firiji, amaikidwa m'kabotolo kotseka bwino m'kati mwa mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa.

Pali malire amene mabanja achikondi amawadumpha. Kuthandiza gogo sikutanthauza kumulanda mankhwala ake n'kumamumwetsa ngati khanda. Ndondomeko ya boma ya okalamba ya 2016 ndi lamulo la okalamba limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024 zimamuona munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo ngati mwini ufulu wake, ndipo pa mankhwala zimenezi zili ndi phindu looneka: mdzukulu amapita kusukulu, amadwala, amakwatiwa, amanyamuka ulendo wa ku Joni. Gogo amene zonse ankadziwa ndi mdzukulu amatsala ndi timapepala tinayi tosadziwika. Choncho adokotala alankhule ndi gogoyo maso ndi maso, mokweza ndi mosathamanga, woperekezayo akumvetsera pambali. Pokhapokha pamene kuiwala kwafika poti munthu sakumbukira ngati wamwa kale kapena ayi m'pamene botolo lichoke m'manja mwake, ndipo pamenepo banja lipemphe adokotala aunikenso ngati mankhwala onsewo akufunikabe, ndi ngati ena angathe kumwedwa kamodzi pa tsiku m'malo mwa katatu.